Corolla yanga imaphulika poiliza m'mawa, koma osati tsiku lililonse

Corolla94: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa mtendere kwa mwezi wathunthu tsopano. Ndili ndi Toyota Corolla ya 1994, injini ya 4A-FE, ya magiya apamanja. Nthawi zina ndikamailiza m'mawa, sitata imazungulira kawiri katatu, kenako kumamveka kuphulika kwamphamvu, phuu! injini n'kuima kaye ngati yakodwa penapake. Ndikabwereza kiyi imalira bwinobwino ndipo tsiku lonse imayenda popanda dandaulo. Chomwe chikundizunguza mutu n'chakuti sizichitika tsiku lililonse. Pena pamadutsa masiku anayi osamva kanthu, pena masiku awiri otsatizana. Mapulagi ndinasintha onse anayi sabata yatha koma palibe chasintha. Makaniko wina anati ndi taimingi (nthawi yomwe moto umafika ku mapulagi), anapotoza distributor (chipangizo chogawa moto ku mapulagi) pang'ono pomvera ndi khutu, koma dzulo yaphulikanso, ndipo ndikuona ngati mwamphamvu kuposa kale. Chonde amene anakumanapo nazo andiuze poyambira. Galimotoyi ndi imene ndimaperekera ana kusukulu, sindikufuna idzandifere panjira.

Mdala wa Sipanala: Pepani achimwene. Musagule kaye china chilichonse. Ndiyankheni mafunso awa. Kuphulikako kumachokera kutsogolo, pansi pa boneti, kapena kumbuyo ku ekizozi? Kumachitika injini ili yozizira basi, kapena ngakhale itatentha? Nanga masiku amene zimachitikawo kunja kumakhala kuli bwanji?

Corolla94: Zikomo madala. Funso loyambalo sindinaliganizirepo n'komwe. Ndimakhala m'kati magalasi ali otseka ndiye ndimangomva kuphulika. Koma itatentha sinachitepo ngakhale kamodzi, ndi m'mawa mokha.

Dalaivala wa Lole: Achimwene, imeneyo ndi injector, kachipangizo kopopera petulo mu injini, ikudontha, musavutike. Galimoto yanga yaing'ono inkachita zomwezo. Ikagona, petulo ankadontha pang'onopang'ono usiku wonse kulowa mu silinda. M'mawa poliza, petulo wosapsa uja ankakankhidwira ku ekizozi n'kukayakira kumeneko. Nditasintha injector imodzi yokha zinatheratu.

Mdala wa Sipanala: Bambo wa lole, zimene mwanenazo zimachitikadi, koma tisathamangire. Yanuyo poilizapo inkanunkha petulo, si choncho? Ndipo inkatulutsa utsi wakuda?

Dalaivala wa Lole: Inde, fungo linali lamphamvu, ndipo inkachedwa kulira. Makamaka ndikaiimika kwa theka la ola itatentha, ndiye inkavuta kwambiri.

Mdala wa Sipanala: Mwaona kusiyana kwake? Yanu inkavuta itatentha, ya anzathuwa itatentha ilibe vuto. Phokoso n'lofanana koma matenda akhoza kukhala awiri osiyana. N'chifukwa chake ndikuumirira pa funso loyamba lija. Kuphulika kwa kumbuyo kumatanthauza kuti petulo wosapsa wafika mu ekizozi n'kuyakira momwemo. Kuphulika kwa kutsogolo kumatanthauza kuti moto wayaka mu silinda pamene valavu yolowetsa mpweya ikadali yotsegula, ndiye moto uja wabwerera chammbuyo kudzera mu manifold, mapaipi olowetsa mpweya m'masilinda, mpaka ku sefa ya mpweya. Mukadziwa mbali yake, theka la zokayikira latha. Achimwene a Corolla, mawa m'mawa tsegulani boneti, wina alize galimoto, inu muime chapambali mumvetsere. Musaike nkhope pamwamba pa injini, ndipo musachotse sefa ya mpweya, chifukwa ikaphulika kutsogolo pamatuluka moto weniweni.

Wa Magetsi: Ndiwonjezerepo pa zomwe madala anena. Musadikire mpaka mawa. Tsegulani bokosi la sefa ya mpweya lero lomwe muyang'ane sefayo mbali yoyang'ana ku injini. Ngati moto wakhala ukubwerera kutsogolo, nthawi zambiri mumapeza mwaye kapena malo owauka pa sefayo, ndipo m'kati mwa payipi yaikulu yopita ku throttle (chitseko cha mpweya chomwe chimatseguka mukaponda moto) mumada. Onaninso timapaipi ta vacuum ngati palibe kamene kavuuka, chifukwa kuphulika kumatha kukankha kapayipi n'kukachotsa pamalo pake.

Corolla94: Ndangochokera kunja. Sefa ili ndi malo akuda pakati ndipo m'mbali mwake mwawauka pang'ono. Pa kabokosi kake, kamodzi mwa timakilipu take ndinakapeza katamasuka. Ndiye kuti ndi kutsogolo?

Wa Magetsi: Ndi kutsogolo kumeneko, achimwene.

Wophunzira Umakaniko: Akuluakulu, ndifunse nawo kuti ndiphunzire. Kodi sikungakhale kuti timing belt, lamba woyendetsa mavalavu, yalumpha dzino? Ku galaja komwe ndikuphunzira kunabwera galimoto yophulika kutsogolo ndipo vuto linali limenelo.

Mdala wa Sipanala: Funso labwino, mwana wanga, ndipo usasiye kufunsa chonchi. Lamba akalumpha dzino, mavalavu amatseguka ndi kutseka pa nthawi yolakwika, ndiye kuphulika kutsogolo kumachitikadi. Koma taganiza. Lamba akalumpha, walumpha basi, sabwerera yekha pamalo pake mawa lake. Galimoto ikanakhala yofooka tsiku lonse, pokwera chitunda ikanalemera, ndipo ikamalira yokha osaponda moto ikananjenjemera. Anzathuwa akuti ikangolira imayenda bwinobwino mpaka madzulo. Vuto lomwe limabwera n'kupita ufunefune pa zinthu zomwe zimasintha ndi nyengo: chinyezi, kuzizira, mphamvu ya batire, waya wogwira mosalimba. Zachitsulo zikawonongeka sizichita manyazi, zimaonekera tsiku lililonse. Chimodzi chachitsulo chomwe chimabwera n'kupita ndi valavu yomwe imakakamira mu gaidi yake injini ikazizira, koma imeneyo tiisiye kumapeto chifukwa sichitikachitika.

Wophunzira Umakaniko: Ndamva madala, zikomo kwambiri.

Corolla94: Za nyengo zija ndakhala ndikuziganizira. Ndafunsanso mayi akunyumba chifukwa iwo amakumbukira bwino. Akuti masiku onse omwe yaphulika kunali kutagwa mvula usiku kapena kunali mame ambiri. Tsiku lina ndinali nditaitsuka madzulo ake. Galimotoyi imagona panja, tilibe pobisalira.

Wa Magetsi: Mayiwo atithandiza kuposa makina oyezera. Chinyezi ndi kuphulika kutsogolo pa injini ya distributor, maso anga akupita pa kapu (chivundikiro) ya distributor ndi mawaya a mapulagi. Ndifotokoze bwinobwino chifukwa chake kuti musangomvera ine koma muzione nokha.

Injini yanuyo imawotcha masilinda motsatana chonchi: 1, 3, 4, 2. Rota, kamkono ka m'kati mwa distributor, imazungulira n'kumapereka moto ku timitu tinayi ta pa kapu motsatira ndondomeko yomweyo, ndiye kamutu ka nambala 1 kamayandikana ndi ka nambala 3 mbali imodzi, ndi ka nambala 2 mbali inayo. Tsopano, pa nthawi yomwe pisitoni ya nambala 1 ikufika pamwamba kuti ilandire moto, pisitoni ya nambala 3 imakhala ili pansi, yangomaliza kukoka mpweya ndi petulo, ndipo valavu yake yolowetsa mpweya imakhala isanatseke. Ngati kapu ili ndi mng'alu, kapena muli kanjira ka mwaye pakati pa timitu tiwiriti, moto wopita ku 1 umatha kudumphira ku 3. Pamenepo pulagi ya 3 imayatsa petulo khomo lili lotsegula. Moto ukatero ulibe kwina kolowera koma kubwerera mu manifold, ndiye phuu mukumvayo.

Magetsi a ku mapulagi ndi amphamvu kwambiri, mavolti masauzande ambirimbiri, ndipo amasankha njira yosavuta. Kapu ikakhala youma, njira yosavuta ndi yopita ku pulagi yoyenera. Chinyezi chikalowa mu mng'alu, njira yachidule imatseguka. Injini ikatentha chinyezi chimauma, vuto n'kubisala mpaka mvula ina. N'chifukwa chake masana galimoto yanu imaoneka yangwiro.

Dalaivala wa Lole: Mwafotokoza momveka bwino bwana. Komabe ine sindikuchotsa maganizo pa mafuta. Petulo akachepa poliza, injini imathanso kuyetsemula kutsogolo. Si zoona?

Wa Magetsi: N'zoona ndithu, ndipo sindikukutsutsani. Mpweya ukachuluka petulo n'kuchepa, zosakanizazo zimapsa pang'onopang'ono, moti valavu imatha kutsegukanso moto usanazime mu silinda. Zimenezi zimachitika ngati pampu yafooka, ngati mphamvu ya petulo m'mapaipi imatsika galimoto ikagona, ngati pali pobooka polowa mpweya wakuba, kapenanso ngati sensa ya kutentha kwa madzi ikunamiza kompyuta kuti injini yatentha pamene ili yozizira. Injini yozizira imafuna petulo wambiri poyamba, ndiye kompyuta ikanamizidwa imapereka wochepa. Zonsezi zili pa mndandanda. Kungoti zimenezi sizisamala kuti kwagwa mvula kapena ayi, pomwe vuto la anzathuwa likutsatira mvula. Tiyambe ndi chosavuta kuona, chomwe sichifuna kugula kanthu.

Mayi wa Starlet: Pepani ndilowerere, ine za injini sindizidziwa kwenikweni koma ndikutsatira chifukwa yanganso ndi yakale. Kodi n'zoopsa kupitiriza kuyendetsa galimoto ikamachita chonchi? Ndikuganizira anawo.

Mdala wa Sipanala: Mayi, mwafunsa chofunika. Ikalira n'kumayenda bwino, panjira sipakhala choopsa chachikulu. Choopsa chili pa nthawi yolizayo. Moto wobwerera kutsogolo ukapeza sefa yonyowa ndi oyilo kapena payipi yodontha petulo, ukhoza kuyatsa zinthu pansi pa boneti. Chachiwiri ndi chija anzathu anena kuti injini imaima kaye ngati yakodwa. Kumeneko ndiye kuti moto wayaka pisitoni isanafike pamwamba, ndiye ikukankhidwa kubwerera pamene sitata ikuikankhira kutsogolo. Mphamvu ziwirizi zikamalimbana, chovutika ndi mano a sitata ndi mano a pa flywheel, gudumu lomwe sitata imaluma pozunguza injini. Mano a flywheel akathyoka, ndiye kuti giyabokosi itsike kuti afikepo. Choncho si nkhani yoti munthu azingoti bola ikulira.

Ndipo apa ndinene mosabisa. Kupotoza distributor ndi khutu kuja sikunathandize. Ngati anaipititsa patsogolo, moto ukubwera msanga kuposa kale, ndipo ndi chifukwa chake mukuona ngati kuphulika kwakula. Sindikunyoza mnzanga wa ntchito, enafe tinaphunzira choncho pa magalimoto a carburettor, koma injini iyi ili ndi kompyuta yomwe imasintha taimingi yokha. Ukamapotoza kompyuta ikugwira ntchito, sudziwa pomwe waiika.

Corolla94: Ndiye ndiibwezere pomwe inali? Pali kachizindikiro ka dothi pomwe bawuti inakhala kale, ndikutha kukaona.

Mdala wa Sipanala: Mukhoza kuibwezera pamenepo mongoyembekezera, n'kwabwino kusiyana ndi pomwe ili. Koma pomaliza ifunika timing light, nyali yoyezera taimingi. Njira yake pa injini imeneyi ndi iyi: injini itenthe kaye, kenako mupeze kabokosi kakang'ono pansi pa boneti kolembedwa DIAGNOSIS. Kuseri kwa chivundikiro chake kuli chithunzi cha mabowo. Lumikizani TE1 ndi E1 ndi kawaya. Mukatero kompyuta imasiya kusinthasintha taimingi. Kenako muunike ndi timing light pa pulley ya kutsogolo, chizindikiro chikhale pa madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba. Mukamanga bawuti, chotsani kawaya kaja. Onetsetsani kuti mwalumikiza mabowo oyenerawo, musalumikize mongoganizira.

Wa Magetsi: Ndipo kawaya komweko kakuthandizaninso kuwerenga zomwe kompyuta yasunga. Injini ili yozima, lumikizani TE1 ndi E1, tembenuzani kiyi magetsi a pa dashibodi ayake koma osaliza. Nyali ya check engine iyamba kuphethira. Ikamaphethira mofanana osapumira, ndiye kuti palibe chomwe yasunga. Ikaphethira kamodzi, kupuma, kenako kawiri, imeneyo ndi 12, kutanthauza kuti kompyuta siikulandira bwino uthenga wa kuzungulira kwa injini kuchokera mu distributor. 14 ndi ya mbali ya moto. 22 ndi sensa ya kutentha kwa madzi ija. Koma dziwani kuti kapu yong'aluka siibweretsa nambala iliyonse, kompyuta siiona zomwe zikuchitika kumeneko.

Corolla94: Ndachita zimenezo. Ikungophethira mofanana, osapumira.

Wa Magetsi: Chabwino. Tsopano batire. Muli ndi mita yoyezera magetsi?

Corolla94: Ndabwereka kwa mnansi wanga.

Wa Magetsi: Yezani m'mawa musanalize. Batire lodzaza bwino limaonetsa mavolti pafupifupi 12.6. Kenako wina alize inu mukuyang'ana mita, lisatsike pansi pa 9.6 pamene sitata ikuzungulira. Batire lofooka limazunguza injini mwaulesi, ndipo injini ikamazungulira mwaulesi m'pomwe pisitoni imakankhidwa kubwerera mosavuta. Ndi mita yomweyo yezani mawaya a mapulagi, mmodzimmodzi, kuchokera kunsonga kufika kunsonga. Toyota imanena kuti waya mmodzi asapitirire 25 kilo-ohm. Pochotsa, gwirani pa mphira wa kumutu, musakoke waya weniweniyo chifukwa m'kati mwake mumaduka. Ndipo chotsani mmodzi, yezani, bwezerani, kenako wina. Mukachotsa onse pamodzi n'kusokoneza malo ake, mudzipangira kuphulika kwina kwatsopano.

Wophunzira Umakaniko: Abwana athu amatiuza kuti usiku kukada tizipopera madzi pang'ono pa mawaya injini ikulira, ngati pali podontha magetsi timaona tinthethe ta buluu. Kodi zimenezi zingathandize apa?

Wa Magetsi: Zimathandiza kwambiri, ndipo pa vuto ngati ili ndi njira yabwino chifukwa umaitana chinyezi m'malo modikira mvula. Botolo lopopera ngati la m'nyumba likwanira, madzi ake akhale ngati nkhungu, osati kuthira. Injini ikayamba kumisa, kutanthauza kulira modukizadukiza, mutangopopera, mwapeza malo ake. Manja akhale kutali ndi mawaya, malaya akhale kutali ndi malamba ndi fani.

Corolla94: Ndabweranso abale. Batire m'mawa uno linali 12.4, poliza linatsika kufika 10.3. Mawaya atatu ali pakati pa 8 ndi 13 kilo-ohm, koma wa nambala 3 mita ikungodumphadumpha, ndikamupinda nambala imasowa. Usiku ndinapopera madzi monga ananenera achimwene ophunzirawo. Pa mawaya sindinaone kanthu kwenikweni, koma nditapopera pa distributor injini inayamba kumisa nthawi yomweyo mpaka kutsala pang'ono kuzima. Lero ndamasula kapu. M'kati ndapeza oyilo, osati wambiri koma pansi pake panyowa, ndipo fumbi lamatirira. Pali kamzere kakuda kopyapyala ngati kolembedwa ndi pensulo kuchokera pa kamutu kena kupita pa kena. Ndayesa kukapukuta ndi nsalu koma sikakuchoka. Timitu tonse tili ndi zoyera ngati phulusa.

Mdala wa Sipanala: Kamzere kameneko ndiye mwini nkhani. Sikangachoke chifukwa si dothi, ndi njira yomwe moto wawotcha mu pulasitiki, ndipo mwaye wake umadutsitsa magetsi. Ena amakapala ndi mpeni n'kupakapo polishi ya zikhadabo, zimagwira masiku ochepa kenako zimabwerera. Kapu imeneyo yatha ntchito. Tsatirani mawaya muone kuti kamzereko kakulumikiza manambala ati.

Corolla94: Ndatsatira. Ndi 1 ndi 3, monga momwe bambo a magetsi ananenera.

Dalaivala wa Lole: Apa ndagonja, si injector. Ndaphunzirapo kanthu lero.

Wa Magetsi: Musadandaule bwana, mfundo yanu ya mafuta ikadali yofunika ngati kuphulika kungapitirire. Koma achimwene a Corolla, musangosintha kapu n'kutseka boneti. Dzifunseni kuti n'chifukwa chiyani kapuyo inapsa. Ndikuona zifukwa ziwiri pa zomwe mwalemba. Waya wa nambala 3 ndi woduka m'kati. Waya akaduka, moto umavutika kudutsa, koilo, yomwe imapanga magetsi a ku mapulagi, imakweza mphamvu kuti udumphe pamene padukapo, ndipo mphamvu yokwerayo imayamba kufunafuna njira ina m'kati mwa kapu. Njira ikangopsa kamodzi, moto umadutsamo mbali zonse ziwiri. Mukaika kapu yatsopano pa waya yemweyo, idzapsanso. Sinthani mawaya onse anayi pamodzi, chifukwa ndi a msinkhu umodzi.

Chachiwiri ndi oyilo. M'kati mwa distributor simuyenera kukhala oyilo ngakhale dontho. Pali zotchinga ziwiri: O-ring ya kunja pomwe distributor imalowa mu injini, ndi seal ya m'kati pa shafiti. Ya kunja ikatha, oyilo amatsikira panja pa injini. Ya m'kati ikatha, oyilo amalowa momwe mwamupezamo. Oyilo amagwira fumbi, fumbi limagwira chinyezi. Pa injini imeneyi koilo imakhala m'kati mwa distributor momwemo, ndiye poti mwatsegula kale, iyang'aneni bwinobwino ngati ilibe ming'alu kapena malo otuwa owauka. Rota nayo isinthidwe limodzi ndi kapu. Ndipo pakati pa kapu ndi thupi la distributor pamakhala kamphira kotchinga madzi, onani ngati kalipo. Kambiri ndimapeza kanatayidwa kalekale.

Corolla94: Kamphira kameneko palibe. Sindinadziwe n'komwe kuti pamayenera kukhala kanthu.

Mdala wa Sipanala: Ndiye madzi otsukira galimoto aja ankalowera pamenepo. Pa nkhani ya seal ya m'kati, ndikupempheni kuti imeneyo mupereke kwa munthu wodziwa. Kapu, rota ndi mawaya mukhoza kusintha nokha pakhomo. Koma seal imafuna kuzula distributor yonse ndi kuiphwasula, ndipo muli timawaya tosachedwa kuduka. Musanaizule, ikani chizindikiro pomwe thupi lake lakhala ndi komwe rota yaloza, ndipo injini isazungulitsidwe distributor ili kunja. Pobwezera, taimingi ndi timing light basi, osati khutu.

Batire lanu silinafe, 10.3 poliza ndi yabwino, koma 12.4 ikusonyeza kuti silikudzaza mokwanira. Mwina ndi maulendo afupiafupi a kusukuluwo. Tsukani mitu yake ndi waya wa earth, ndipo muyeze injini ikulira, pazikhala pakati pa 13.5 ndi 14.5.

Mayi wa Starlet: Madala, nanga mapulagi atsopano omwe anagulawo anangotaya ndalama?

Mdala wa Sipanala: Ayi mayi, akhala momwemo agwira ntchito. Kungoti sanali gwero la vuto. Chomwe ndingapemphe n'chakuti awamasule aone ngati ali a nambala yoyenera injiniyo ndiponso ngati mpata wa kunsonga uli monga buku la galimoto likunenera. Mpata ukakula kwambiri umachita chimodzimodzi ndi waya woduka, umakakamiza moto kufuna njira ina.

Wophunzira Umakaniko: Funso lina akuluakulu. Tiyerekeze asintha zonsezi koma ikuphulikabe. Chotsatira n'chiyani?

Wa Magetsi: Pamenepo tibwerera kwa bambo a lole. Timangirira geji pa payipi ya petulo. Pa injini imeneyi mphamvu imakhala pakati pa 38 ndi 44 psi kapayipi ka vacuum ka pa regulator (yowongolera mphamvu ya petulo) katachotsedwa, ndipo ukazimitsa injini isatsike pansi pa 21 psi m'mphindi 5. Ikatsika msanga, ndiye kuti pena pakudontha: injector, regulator kapena valavu ya mu pampu. Kenako sensa ya madzi ija, imayezedwa ndi mita, madzi akakhala pa madigiri 20 a Celsius imaonetsa pakati pa 2 ndi 3 kilo-ohm, ndipo nambala imatsika madzi akamatentha. Zonsezi zikakhala bwino, ndiye tiyeza compression, mphamvu yomwe pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda, injini ili yozizira popeza vuto limabwera itazizira. Silinda imodzi ikatsalira kwambiri poyerekeza ndi zinzake, timayang'ana mavalavu, kuyambira ndi mpata wake, chifukwa valavu yothina siitseka bwino. Pa ntchito ya petulo, mapaipi amakhala ndi mphamvu ngakhale injini itazima, ndiye pomasula pamafunika nsalu yokulungira, batire litachotsedwa, ndipo pasakhale wosuta pafupi.

Corolla94: Abale, pepani ndinakhala chete, ndimafuna ndione kaye ndisanalankhule. Papita masabata awiri. Kapu, rota, mawaya anayi ndi kamphira kaja ndinasintha ndekha. Distributor ndinapita nayo kwa munthu wa zamagetsi a galimoto, anasintha seal ya m'kati ndi O-ring, koilo anati ili bwino. Ataunika ndi timing light anapeza kuti taimingi inali patsogolo ndi madigiri angapo ngakhale ndinali nditabwezera pa chizindikiro cha dothi chija, ndiye anaiika pa 10. Sefa ya mpweya ndaikanso yatsopano. M'masabata awiriwa mvula yagwa usiku kanayi, ndipo dzulo ndinaitsuka dala madzulo. M'mawa uliwonse ikulira kiyi woyamba. Chinanso chomwe sindinkachiyembekezera, kunjenjemera kwakung'ono komwe inkachita ndikaima pa maloboti kwatha, ndinkangoti ndi ukalamba wa galimoto. Madala, bambo a magetsi, nonse amene munalemba, zikomo kwambiri. Mayi akunyumba akuti ndikuthokozereninso.

Mdala wa Sipanala: Zikomo potibweretsera yankho, ambiri akathandizidwa sabweranso. Pakatha mwezi mutsegulenso kapuyo muone ngati m'kati mukadali mouma. Mukapezamo oyilo kachiwiri, ndiye kuti shafiti yayamba kugwedera ndipo ikudya seal.

Mayi wa Starlet: Ndatsegula boneti ya yanga lero koyamba ndekha. Mawaya ake ndi olimba ngati nkhuni ndipo mmodzi ali ndi ming'alu pa mphira. Siinaphulikepo, koma kukagwa mvula imachedwa kulira.

Wa Magetsi: Mayi, mawaya amenewo atopa, musadikire kuti iphulike. Yambani ndi kuwayeza monga tinafotokozera pamwambapa, mmodzimmodzi, ndipo muuze amene akuthandizeniyo atsegule kapu muone limodzi m'kati mwake. Mukajambula chithunzi cha m'kati mwa kapuyo muli kuwala kokwanira, tumizani pano tione.